Moyo wa Solomo, Mlaliki wa ku Yerusalemu

M'miyezi itatu ino tidzakhala tikuphunzira buku la Mlaliki. Ambiri a ife bukuli timalipewa. Tikalitsegula timakumana ndi mau olemera onena za imfa, za ntchito zosapindula, ndi za olungama amene akuvutika pamene oipa akudya bwino. Motero timafulumira kubwerera ku Masalmo kumene mtima umapeza mpumulo. Komatu mau a munthu amamveka bwino pamene tadziwa njira imene mwini mauwo anayenda. Chifukwa cha ichi, tisanalowe m'phunziro loyamba, tiyeni tione moyo wa Solomo, mwana wa Davide, monga momwe walembedwera mu 1 Mafumu 1-11 ndi mu 2 Mbiri 1-9.

Mbiri imeneyi imatisiyira funso limodzi. Zinatheka bwanji kuti munthu amene Yehova anamuonekera kawiri, munthu amene anamanga kachisi ndi kuphunzitsa mitundu ya anthu nzeru, akathere pomangira mafano misanje? Funsoli ndi lathu, abale ndi alongo, pakuti ifenso ndife anthu ophunzira Malemba Sabata ndi Sabata, ndipo n'kwapafupi kuganiza kuti wodziwa choonadi ndiye kuti akuyendamo.

Mwana wa Mtendere m'Nyumba ya Mavuto

Solomo anabadwira ku Yerusalemu. Amake anali Bateseba, yemwe poyamba anali mkazi wa Uriya Mhiti, msilikali amene Davide anamuphetsa kunkhondo pofuna kubisa tchimo lake. Mwana woyamba wa Davide ndi Bateseba anamwalira ali wakhanda. Atabadwa Solomo, Yehova anatuma mneneri Natani, yemwe uja anadzudzula Davide, kuti akamutche mwanayo dzina lina, Yedidiya, kutanthauza wokondedwa wa Yehova (2 Samueli 12:24, 25). Dzina lakuti Solomo limachokera ku liu la Chihebri lotanthauza mtendere. Maina onse awiri ankachitira umboni kuti Mulungu anakhululukira Davide. Mwanayu asanachite chabwino kapena choipa, chisomo chinali chitamufikira kale.

Koma nyumba imene anakuliramo inalibe mtendere. Davide anali ndi akazi ambiri, ndipo ana a mimba zosiyana ankalimbana. Amnoni anachitira choipa mlongo wake Tamara. Abisalomu anapha Amnoni, pambuyo pake naukira atate wake, nafera m'nkhalango ya Efraimu. Zonsezi zinachitika m'banja la Solomo, kotero kuti iye anakula akudziwa zipatso zimene mitala imabala m'nyumba ya mfumu.

Davide atakalamba, mwana wake wina, Adoniya, anadzikonzera magaleta ndi anthu 50 othamanga patsogolo pake. Anakopa Yoabu, kazembe wa nkhondo, ndi Abiyatara wansembe, nachita phwando lodzilonga ufumu pafupi ndi kasupe wa Enirogeli. Natani ndi Bateseba anakadziwitsa Davide, ndipo tsiku lomwelo Solomo anakwezedwa pa nyuru ya mfumu, napita naye ku Gihoni kumene Zadoki wansembe anamudzoza mafuta. Izi zinachitika cha m'ma 970 B.C. Asanamwalire, Davide analangiza mwana wake kuti alimbe mtima ndi kuyenda motsata chilamulo cha Mose, popeza kukhazikika kwa mpando wachifumuwo kunadalira pa kumvera. Zaka zoyamba sizinali zofewa. Adoniya, Yoabu ndi Simei anaphedwa, ndipo Abiyatara anachotsedwa pa unsembe ndi kubwezedwa kuminda yake ku Anatoti.

Usiku wa ku Gibeoni

Masiku amenewo likasa la chipangano linali ku Yerusalemu, koma chihema chimene Mose anapanga m'chipululu, pamodzi ndi guwa lamkuwa la Bezaleli, chinali ku Gibeoni, makilomita pafupifupi 10 kumpoto chakumadzulo kwa Yerusalemu. Mfumu yatsopanoyo inapita kumeneko ndi akuluakulu a Israyeli, nipereka nsembe zopsereza 1,000. Usiku womwewo Yehova anaonekera kwa Solomo m'loto, namuuza kuti apemphe chimene afuna.

Palibe tsiku lina limene Solomo anali wamkulu koposa usiku umenewu, pakuti ndi pamene anadziona kuchepa. Anadziyesa kamwana kosadziwa poyambira ndi pothera ntchito imene anasenzetsedwa. Anayang'ana kuchuluka kwa anthu, napempha mtima wotha kusiyanitsa chabwino ndi choipa. M'Chihebri mau a pa 1 Mafumu 3:9 amanena za mtima womva, mtima wotchera khutu. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa ndiyo mfungulo ya mbiri yonse. Nzeru yotere ifanana ndi madzi a mu ngalande yothirira dimba, amene amayenda pokhapokha ngalandeyo ili yolumikizika ku mtsinje. Amene wamva lero ayenera kudzamvanso mawa.

Mulungu anakondwera ndi pempholi. Anamupatsa nzeru, naonjezerapo chuma ndi ulemu zimene iye sanapemphe. Mphatso imodzi yokha ndiyo inaikidwa polekezera: moyo wautali unalonjezedwa ngati iye adzayenda m'njira za Yehova (vesi 14).

Mlandu woyamba umene Baibulo likutisimbira unali wa akazi awiri adama, okhala m'nyumba imodzi, olimbirana khanda lamoyo pamene lina linali litafa usiku. Panalibe mboni. Mfumu inaitanitsa lupanga, nilamula kuti mwanayo agawidwe pakati, ndipo amake enieni anadziulula pololera kuti mnzawo amutenge, bola mwanayo akhale ndi moyo. Taonani kuti nzeru ya Solomo inayamba kuonekera pa mlandu wa anthu onyozeka, osowa wowalankhulira. M'Malemba nzeru ndi chilungamo zimayendera limodzi, ndipo zimayesedwa ndi mmene munthu wamphamvu achitira ndi wofooka.

Mbiri yake inafalikira. Ananena miyambo 3,000, ndipo nyimbo zake zinali 1,005. Anaphunzira za mitengo, kuyambira mkungudza wa ku Lebano kufikira hisope womera pakhoma, ndiponso za nyama, mbalame, zokwawa ndi nsomba (1 Mafumu 4:32, 33). Anthu a mitundu ina ankayenda maulendo aatali kudzamumvera.

Nyumba ya Yehova

M'chaka chachinayi cha ufumu wake, cha m'ma 966 B.C., m'mwezi wachiwiri wotchedwa Zivi, Solomo anayamba kumanga kachisi pa phiri la Moriya, pa dwale limene Davide anagula kwa Orinani Myebusi. Hiramu mfumu ya Turo anatumiza mikungudza ya ku Lebano, yoyandamitsidwa panyanja. Nyumbayo inali mikono 60 m'litali, mikono 20 m'lifupi ndi mikono 30 msinkhu wake, ndiko kuti mamita pafupifupi 27, 9 ndi 13. Sinapose kukula kwa nyumba zina zopemphereramo za masiku ano, koma m'kati mwake munakutidwa ndi golidi. Miyala inkasemedwa kutali, kotero kuti pamalo omangirapo sipanamveke nyundo kapena nkhwangwa. Ntchito inatha patapita zaka 7.

Pa tsiku lopatula nyumbayo, m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, mtambo wa ulemerero unaidzaza kufikira ansembe analephera kuimirira kuti atumikire. Ng'ombe 22,000 ndi nkhosa 120,000 zinaperekedwa nsembe. Mfumu inagwada pamaso pa khamu lonse, nitambasulira manja kumwamba. M'pemphero lake, limene lili mu 1 Mafumu 8, muli zinthu zitatu zofunika kuziona. Solomo anavomereza kuti Mulungu sangakwanire m'nyumba yomangidwa ndi manja, popeza ngakhale miyamba imamuchepera. Anavomereza kuti munthu aliyense amachimwa, napempheratu chikhululukiro cha iwo amene tsiku lina adzatengedwa ukapolo. Anapemphereranso mlendo wochokera kutali, kuti naye amvedwe akadzapemphera pamalopo. Apa tikuona mfumu imene inali ikudziwabe malire ake.

Atatha kumanga kachisi ndi nyumba yake yachifumu, imene inamutengera zaka 13, Yehova anamuonekera kachiwiri. Ulendo uno lonjezo linadza ndi chenjezo lolimba, lakuti iye kapena ana ake akadzatembenukira kwa milungu ina, nyumba yopatulikayo idzatayidwa ndipo odutsa m'njira adzaizizwa nayo (1 Mafumu 9:1-9). Mulungu sachenjeza pachabe. Ming'alu inali itayamba kale.

Zinthu Zitatu Zimene Mose Analetsa

Zaka mazana ambiri Israyeli asanakhale ndi mfumu, Mose analemba malamulo a mfumu (Deuteronomo 17:14-20). Mfumu isachulukitse akavalo, makamaka ochokera ku Aigupto, isachulukitse akazi, isadzikundikire siliva ndi golidi. Inayeneranso kudzilembera buku la chilamulo ndi kuliwerenga masiku onse a moyo wake, kuti mtima wake usadzikuze pamwamba pa abale ake. Wolemba 1 Mafumu, pofotokoza ulemerero wa Solomo m'mutu 10 ndi 11, akutchula zinthu zitatu zomwezi chimodzi chimodzi. Wowerenga wodziwa chilamulo amazindikira kuti akuwerenga mlandu, ngakhale mauwo amveka ngati chitamando.

Choyamba, golidi. Zombo za mfumu zinkanyamuka ku Ezioni Geberi kunka ku Ofiri, ndipo zinabwera ndi matalente 420. Mfumu yaikazi ya ku Seba inasiya matalente 120. Chaka chilichonse munkalowa matalente 666, osawerengera misonkho ya amalonda. Popeza talente limodzi linkalemera makilogalamu pafupifupi 34, golidi wa chaka chimodzi anapitirira matani 22. Solomo anasulitsa zishango zagolidi, 200 zazikulu ndi 300 zazing'ono, napangitsa mpando wa minyanga ya njovu wokhala ndi makwerero 6 ndi zifanizo za mikango m'mbali mwake. Siliva anachuluka mu Yerusalemu kufikira anthu sanamuyesenso kanthu.

Chachiwiri, akavalo. Mfumu imene dzina lake linatanthauza mtendere inasonkhanitsa magaleta 1,400 ndi apakavalo 12,000. Galeta limodzi linkagulidwa ku Aigupto ndi masekeli asiliva 600, ndipo kavalo ndi masekeli 150. Njira imene Mulungu anati Israyeli asadzabwererenso inasanduka mseu wa malonda.

Chachitatu, akazi. Ambiri timaganiza kuti Solomo anayamba kutenga akazi achilendo atakalamba, koma Malemba akusonyeza kuti mbeuyi inafesedwa kale. Rehabiamu, mwana wake, analowa ufumu ali ndi zaka 41, ndipo amake anali Naama Mwamoni (1 Mafumu 14:21). Popeza Solomo analamulira zaka 40, ndiye kuti anakwatira mkazi wa Chiamoni asanakhale pa mpando. Ukwati wake ndi mwana wamkazi wa Farao ukutchulidwa pachiyambi pa mutu 3, nkhani ya ku Gibeoni isanafike. M'maso mwa anthu maukwati amenewa anali nzeru, pakuti ankamanga ubale ndi maiko ena, ndipo Farao anapereka mzinda wa Gezeri monga mphatso kwa mwana wake. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pothera pake panali akazi 700 a m'mabanja achifumu ndi akazi aang'ono 300.

Ulemerero wonsewu panali ena oulipira. Dziko linagawidwa m'zigawo 12, ndipo chigawo chilichonse chinkadyetsa nyumba ya mfumu mwezi umodzi pa chaka. Tsiku limodzi lokha linkatha ng'ombe 30 ndi nkhosa 100, kuonjezera pa ufa ndi nyama zakutchire. Amuna 30,000 a mu Israyeli analembedwa thangata, namapita ku Lebano 10,000 pa mwezi, mwezi umodzi kuntchito ndi miyezi iwiri kwao. Enanso 70,000 ankasenza akatundu ndipo 80,000 ankasema miyala m'mapiri. Mtundu umene Yehova anaumasula ku ntchito yokakamiza ya Farao unayamba kulira pansi pa goli la mkamwini wa Farao. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Phiri la Kum'mawa kwa Yerusalemu

Baibulo silinena kuti Solomo anadzuka tsiku lina n'kukana Yehova. Likunena kuti atakalamba akazi ake anapatutsa mtima wake, ndipo mtimawo sunakhalenso wamphumphu monga wa Davide atate wake (1 Mafumu 11:4). Kachisi anali chiimire, nsembe zinkaperekedwabe, miyambo ya mfumu inkaphunzitsidwabe. Koma pa phiri loyang'anana ndi Yerusalemu chakum'mawa, limene timalidziwa kuti Phiri la Azitona, panamangidwa misanje ya Kemosi wa Amoabu ndi ya Moleki wa Aamoni, ndipo mfumu inatsatanso Asitoreti wa Asidoni. Wopembedza woima m'bwalo la kachisi ankatha kuona utsi wa nsembe za mafano tsidya la chigwa cha Kidroni.

Kodi nzeru ya Solomo inapita kuti? Chidziwitso chake sichinachoke. Iye amene anachenjeza anyamata za mkazi wachilendo m'buku la Miyambo sanaiwale mau ake. Chimene chinatayika ndi mtima womva uja wa ku Gibeoni. Munthu amene dziko lonse linkabwera kudzamumvera analeka kumvera. Anazolowera kuweruza milandu ya ena, ndipo panalibe wotsala woti amuweruze. Davide atachimwa anali ndi Natani. M'zaka za kupatuka kwa Solomo sitiwerenga za mneneri amene mfumu inamuitana kudzafunsira uphungu.

Yehova anamuuza kuti ufumu udzang'ambika, koma chifukwa cha Davide zidzachitika m'masiku a mwana wake. Adani anadzuka: Hadadi wa ku Edomu chakumwera, Rezoni wa ku Damasiko chakumpoto, ndipo m'kati mwa dziko Yerobiamu mwana wa Nebati, amene Solomo yemwe anamuika kukhala kapitao wa thangata la nyumba ya Yosefe. Mneneri Ahiya wa ku Silo anakumana ndi Yerobiamu panjira, nang'amba chovala chatsopano zidutswa 12, namupatsa 10. Solomo anafuna kupha Yerobiamu, ndipo iye anathawira kwa Sisaki mfumu ya Aigupto. Mfumu imene inapulumutsa khanda la mkazi wadama tsopano inali kusaka moyo wa munthu pofuna kutsekereza mau a Mulungu, monga Sauli anachitira ndi Davide.

Mlaliki

Buku la Mafumu likutseka mbiri ya Solomo ndi imfa yake, cha m'ma 931 B.C., atalamulira zaka 40. Koma tili ndi buku la Mlaliki. Dzina la Solomo silipezekamo. Wolankhulayo akudzitcha Mlaliki, mwana wa Davide, mfumu ya ku Yerusalemu, woposa onse m'nzeru ndi m'chuma. Akatswiri ena amaliika bukuli m'zaka za pambuyo poona mtundu wa Chihebri chake. Koma Ayuda kuyambira kale analilandira ngati la Solomo, namaphunzitsa kuti Nyimbo ya Solomo ndi ya unyamata wake, Miyambo ndi ya uchikulire wake, ndipo Mlaliki ndi la ukalamba wake. Ellen G. White, m'buku lake lotchedwa Prophets and Kings, limene linasindikizidwa mu 1917, akufotokoza kuti Solomo analapa m'zaka zake zotsiriza, nalemba mbiri ya kupusa kwake kuti achenjeze achinyamata. Umu ndi mmene tidzaliwerengere m'maphunziro athu.

Liu limene limabwerezedwa kwambiri m'bukuli ndi hebel, limene likupezekamo maulendo 38. Baibulo lathu limalimasulira kuti chabe. Tanthauzo lake lenileni ndi mpweya kapena nthunzi, yonga imene imatuluka m'kamwa m'mawa wa mwezi wa Juni. Imaoneka, koma sungaigwire. Ndi liu lomwelo limene lili dzina la Abele, wolungama woyamba kufa. Mlaliki akutiuza kuti zinthu za moyo uno, ngakhale zabwino, sizikhalitsa ndipo sizingasenze kulemera kwa mtima wa munthu.

M'mutu 2 akuwerenga zimene anayesa: kuseka, vinyo, nyumba, minda yamphesa, maiwe a madzi, akapolo, ziweto, siliva, golidi, oimba. Sanamane maso ake kanthu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Atatembenuka kuyang'ana zonsezo anapeza kuti anali kuthamangitsa mphepo. M'mavesi ambiri timamva kuwawa kwa moyo wake womwe. Akudandaula kuti adzasiyira ntchito zake munthu amene sadziwa ngati adzakhala wanzeru kapena chitsiru (2:18, 19), ndipo Rehabiamu anali pakhomo. Akuona misozi ya otsenderezedwa opanda wowatonthoza (4:1), iye amene analemba anthu thangata. Akuyamikira mnyamata wosauka wanzeru koposa mfumu yokalamba imene sikulandiranso chenjezo (4:13). Akunena kuti wokonda siliva sadzakhuta naye (5:10), iye amene siliva anamuchulukira ngati miyala.

Kuchokera m'zowawa zimenezi Mlaliki akutiphunzitsa malire atatu a munthu. Oyamba ndi malire a kudziwa. Mulungu anaika m'mitima mwathu ludzu la zamuyaya, koma sitingathe kulondola ntchito yake kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto (3:11), ndipo ngakhale wanzeru akanena kuti wazindikira, sanazindikire (8:17). Pali olungama amene zimawagwera zoyenera oipa, ndi oipa amene amalandira zoyenera olungama (8:14). Mlaliki sakubisa zimenezi, ndipo sakupereka yankho lachidule. Ichi chitithandize pamene tili pamaliro a mbale wokhulupirika amene wapita msanga, kuti tisathamangire kufotokoza zimene Mulungu sanatiululire.

Achiwiri ndi malire a chilungamo chathu. Mulungu analenga munthu woongoka, koma anthu anadzifunira njira zambiri zokhota (7:29), ndipo pa dziko lapansi palibe wolungama amene sachimwa (7:20). Mau amenewa Solomo anawanenapo pa tsiku lopatula kachisi. Nthawi imeneyo anali chiphunzitso. Tsopano anali umboni wa munthu wonena za iye mwini.

Achitatu ndi malire a masiku athu. Wanzeru ndi wopusa, wolemera ndi wosauka, onse apita kumalo amodzi, ndipo akufa sadziwa kanthu (9:5). Chifukwa cha ichi ntchito yoti ichitike ichitike lero, ndipo Mlengi akumbukiridwe pa unyamata, maso asanachite chidima ndi miyendo isanayambe kunjenjemera (12:1-7).

Munthu akavomereza malire amenewa, zinthu zazing'ono zimabwerera m'malo mwake. Mfumu imene inali ndi akazi 1,000 ikulangiza mwamuna kukondwera ndi mkazi amene amukonda masiku onse a moyo wake (9:9). Iye amene ankamwera m'zikho zagolidi akunena kuti chakudya, chakumwa ndi kukondwera ndi ntchito ya manja ndi mphatso yochokera m'dzanja la Mulungu (2:24). Ndipo pothera pa zonse akusiya zinthu ziwiri, kuopa Mulungu ndi kusunga malamulo ake, pakuti ntchito iliyonse, ngakhale yobisika, idzafika ku chiweruzo (12:13, 14). Chiweruzo chimenechi ndicho chimachotsa uchabe wa moyo. Ngati Mulungu adzafunsa za zonse, ndiye kuti palibe msozi wa wotsenderezedwa umene waiwalika, ndipo palibe kukhulupirika kwa m'seri kumene kwapita pachabe. Ife a chiyembekezo cha kubweranso kwa Yesu timamva mau omwewa mu uthenga wa angelo atatu, umene ukuitana anthu kuopa Mulungu chifukwa nthawi ya chiweruzo chake yafika, nusonyeza oyera mtima osunga malamulo a Mulungu ndi chikhulupiriro cha Yesu (Chibvumbulutso 14:7, 12).

Zimene Kulapa Sikunabweze

Mulungu amalandira wolapa ngakhale dzuwa litapendeka. Komabe madzi akatayika saoleka. Solomo atangoikidwa m'manda, anthu anasonkhana ku Sekemu napempha Rehabiamu kuti apeputse goli la atate wake. Iye anakana uphungu wa akuluakulu, natsata wa anyamata anzake. Adoramu, woyang'anira thangata, anaponyedwa miyala nafa, ndipo mafuko 10 anapatuka osabwereranso. M'chaka chachisanu cha Rehabiamu, cha m'ma 926 B.C., Sisaki anakwera kudzamenyana ndi Yerusalemu, natenga chuma cha m'kachisi ndi cha m'nyumba ya mfumu, pamodzi ndi zishango zagolidi zija. Rehabiamu anapanga zamkuwa m'malo mwake. Sisaki ameneyu olemba mbiri amamudziwa ndi dzina lakuti Shoshenq Woyamba, ndipo maina a mizinda imene anaithira nkhondo akuonekabe pa khoma la kachisi wa ku Karnak m'dziko la Aigupto.

Misanje ya mafano ija inakhalitsa koposa golidi. Inaima pa phiri lija zaka zopitirira 300, kufikira mfumu Yosiya anaiononga cha m'ma 622 B.C. (2 Mafumu 23:13). Mibadwo yambiri ya ana a Yuda inakula ikuona misanjeyo ndi kumva kuti anaimanga ndi Solomo wanzeru. Mu 586 B.C. ankhondo a Nebukadinezara anatentha kachisi, monga chenjezo lija linanenera. Ngakhale atabwerako ku ukapolo, Nehemiya anatchulabe Solomo pochenjeza Ayuda za maukwati ndi osapembedza Yehova (Nehemiya 13:26). Makolo, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sabata Sukulu tilingalire bwino apa. Tingathe kubwerera kwa Mulungu pa ukalamba, koma zimene tinamanga m'zaka za kupatuka zingatsale zikuphunzitsa ana athu ife titagona.

Woposa Solomo

Ambuye Yesu anabadwira mu mzere wa Solomo (Mateyu 1:6, 7), ndipo anamutchula kawiri m'chiphunzitso chake. Anaphunzitsa kuti duwa lakuthengo, limene silidzipangira chovala, livala bwino koposa mfumu ija mu ulemerero wake wonse (Mateyu 6:28, 29). Ananenanso kuti mfumu yaikazi ya kumwera idzatsutsa anthu a m'badwo wake pa chiweruzo, popeza iyo inayenda ulendo wautali kukamva Solomo, pamene iwo anali ndi woposa Solomo pakati pao (Mateyu 12:42). Yesu ndiye Mwana wa Davide amene anali ndi mtima womva kufikira imfa. Sanakundike golidi, analowa mu Yerusalemu pa mwana wa bulu, ndipo goli lake ndi lofewa. Pa Phiri la Azitona lomwelo, pamene Solomo anamangira mafano, Iye anagwada m'munda wa Getsemane napereka chifuniro chake kwa Atate. Chilungamo chimene Mlaliki anachisowa mwa anthu onse chikupezeka mwa Iye, ndipo chimaperekedwa kwa wokhulupirira.

Tsono pamene tikuyamba maphunzirowa, tisadze monga anthu odzaonjezera chidziwitso pa chidziwitso. Ena a ife tingathe kulongosola masiku 2,300 a Danieli ndi utumiki wa m'kachisi popanda kutsegula buku, ndipo ichi n'chabwino. Solomo ankadziwa zoposa zimenezi. Tidze ndi pempho la ku Gibeoni, ndipo tilibwereze m'mawa uliwonse wa miyezi itatu imeneyi.

Mafunso Okambirana m'Kalasi

1. Werengani Deuteronomo 17:14-20. Ndi zinthu ziti m'moyo wathu zimene zimaoneka ngati madalitso koma zingathe kugontha mtima pang'onopang'ono?

2. Solomo analibe Natani m'zaka za kupatuka kwake. Kodi ife tili naye munthu amene angatidzudzule mopanda mantha? Nanga atsogoleri athu tingawathandize bwanji pa chimenechi?

3. Kodi kuvomereza kuti sitingazindikire ntchito zonse za Mulungu kungasinthe bwanji mau amene timalankhula kwa ofedwa ndi odwala?